Manja a achemwali, bondo la amayi

Achemwali anga amamanga ndalama pansonga ya chitenje. Akhala akutero kuyambira kale, ngakhale masiku ano anzawo ambiri a geni ya usipa amalipirana pafoni. Mfundo yake imakhala yaing'ono, yothina, yoti wakuba angachite kudula chitenje kuti aitenge. M'mawa wina mu July, mwera ukuwomba, ndinawaperekeza kugombe cha ku Makawa kukapikula usipa. Mtengo atagwirizana, ndowa zitadzaza, inakwana nthawi yolipira. Ndinawaona akulimbana ndi mfundo ija, zala zikungoterereka pamwamba pake. Anayesa dzanja lamanja, anayesa lamanzere, kenako anatembenukira kumbali kuti asodzi asaone, n'kuimasula ndi mano.

Pobwerera ndinawagwira dzanja. Linali lotentha, m'mawa wozizira choncho, ndipo mfundo zimene zala zimayambira zinali zitafufuma moti timaenje ta pakati pake sitinkaonekanso.

"Nyamakazi ya amayi ija yandipeza," anatero. "Ikamakwana teni koloko imasiya."

Anali asanakwanitse zaka 40.

Mapiritsi amodzi, odwala awiri

Amayi akhala akudandaula bondo lakumanja kwa zaka zambiri. Alima moyo wawo wonse, asenza nkhuni ndi madzi, ndipo thupi ali nalo. Bondolo limawavuta akayenda mtunda, akamadzuka pamkeka, makamaka akamanyonyomala kuchimbudzi. Choncho achemwali atayamba kudandaula manja, patangopita miyezi yochepa atabereka mwana wawo womaliza, palibe anadabwa. Matenda a kumtundu, basi. Amayi ankathyola Bufeni wawo n'kuwagawira. Bufeni atasiya kugwira, anasamukira ku Indosidi.

Anthu anali ndi zonena zawo. Ena ankati ndi madzi a m'nyanja, kuti sungamagwire nsomba zozizira m'bandakucha chaka ndi chaka osadwala manja. Ena ankati ndi mwera. Geni inkayenda bwino nthawi imeneyo, anali atagula malata, ndiye sipanalephere kutuluka onena kuti alipo wawatchera pathandala. Azakhali anawatengera kwina cha ku Namwera, anabwerako ndi mphini m'manja monse, zipsera zake zilipo mpaka lero. Sindiwanyoza azakhali. Ukamaona mwana wa mlongo wako akulephera kufinya thewera la khanda lake, umapita kulikonse kumene wamva kuti kuli thandizo.

Kuchipatala nakonso ankapita. Buku lawo ndinaliwerenga tsamba ndi tsamba, ndipo paliponse panalembedwa zofanana: kuphwanya m'thupi, ayezedwa malungo, alibe, apatsidwa mankhwala opha ululu. Ndikumvetsa momwe zimakhalira. Mzere wafika panja, woona odwala ndi mmodzi, kumbuyo kwako mwana akukomoka. Komanso achemwali ankalowa m'chipinda dzuwa litakwera, manja atamasuka kale, ndipo akafunsidwa ankangoti, "M'thupi monsemu mukuwawa." Kuno kunyanja mawu amenewo amakufikitsa koyezera malungo, palibenso kwina. Koma ndinenabe, chifukwa zimandipweteka: maulendo onsewo palibe anawagwira manja.

Pachipatala china cholipira anawatenga magazi n'kuyeza chimene amati rheumatoid factor, chizindikiro cha m'magazi chimene chimapezeka mwa odwala ambiri a mtundu wina woopsa wa nyamakazi. Zinatuluka kuti mulibe. Anawauza kuti ndiye kuti si nyamakazi yoopsa ija, apite azikamwa mapiritsi. Pepala limenelo ndi limene linatichedwetsa kwambiri.

"Tandipatsani manja anuwo"

Tsiku limene zinthu zinatembenuka silinali la achemwali. Linali la amayi. Bondo litafika poti sangakwerenso kabaza, tinapatsidwa kalata yokaonana ndi a mafupa, ndipo achemwali anangopita ngati operekeza, kunyamula chikwama. Tinalawira kwambiri moti tinali oyambirira pamzere. Amene tinawapeza anali bambo achikulire, mmodzi wa ma clinical officer a mafupa aja. Dziko lino lakhala likuwaphunzitsa kuyambira mu 1985, ndipo m'zipatala za m'maboma ndi iwo amasenza ntchito yambiri ya mafupa.

Anawagoneka amayi pabedi n'kuyamba mafunso.

"Mayi, mukadzuka m'mawa bondoli limakhala louma?"

"Limauma, adokotala. Koma ndikangoyenda kufika pamoto, madzi a tiyi asanawire, lamasuka."

"Nanga limawawa kwambiri nthawi yanji?"

"Madzulo. Ndikachoka kumunda, kapena ndikapita kumaliro wapansi."

Anaika chikhatho pabondopo n'kuwauza kuti apinde ndi kuwongola. Kenako anatenga dzanja langa n'kuliika pomwepo kuti ndimve ndekha. Mkati munkamveka kukhulana. Bondolo linali lalikulu kuposa linzake, koma kukula kwake kunali kolimba, kwa fupa, ndipo silinali lotentha. Anayang'ananso zala za amayi. Pafupi ndi zikhadabo panali timfundo tolimba timene tonsefe tinkatidziwa kuyambira tili ana ndipo sitinkatiwerengera.

Atamaliza anapempha buku. Achemwali analitulutsa m'chikwama n'kulipereka atalipana pakati pa zikhatho ziwiri. Wina akanaona ngati ulemu chabe, popeza wamkulu timamupatsa chinthu ndi manja awiri. Koma iwo sanayang'ane bukulo. Anayang'ana manja.

"Inu ndi ndani wawo?"

"Mwana wawo, adokotala. Ndangoperekeza."

"Takhalani apa. Tandipatsani manja anuwo."

Achemwali anandiyang'ana ine kaye, kenako anakhala. Adokotala anagwira dzanja lamanja ngati akupereka moni, n'kufinya pang'ono chopingasa pa mfundo zinayi zoyambira zala. Sanagwiritse mphamvu n'komwe. Achemwali, munthu woti anabereka ana ake osamveka mawu, anakuwa kuti "Mayo!" Lamanzere chimodzimodzi. Ndiye anayamba kusindikiza mfundo imodziimodzi, zoyambira zala, za pakati pa zala, polumikizira dzanja ndi mkono. Kutupa kwake kunali kofewa, kobonyezeka, ndiponso kotentha. Mfundo za pafupi ndi zikhadabo, pomwe amayi ali ndi timfundo tawo, zinalibe kanthu. Anawauza kuti afumbate chibakera. Zala zinaima panjira, osafika pachikhatho.

"Vulani masilipasiwo."

Anafinya phazi chopingasa pomwe zala zimayambira. Anakuwanso.

"M'mawa mumaponda bwanji?"

"Ndimayamba ndi zidendene. Kutsogoloku sikupondeka."

"Kuumaku kumatha nthawi yanji?"

"Cha m'ma teni. Nthawi zina kupitirira."

"Mukamagwira ntchito zimakula kapena zimachepa?"

Apa achemwali anaganiza kaye. "Zimachepako. Ndikakhala phee ndiye zimauma."

Anafunsa za kutopa. Achemwali anati amadzuka atatopa kale ngati sanagone. Anafunsa ngati awonda. Anati chitenje chikuzungulira kwambiri masiku ano. Anafunsa kuti zinayamba liti, ndipo atamva kuti chaka chinatha kale, anakhala chete akuyang'ana pansi. Kenako anapempha amayi kuti atsike pabedi, n'kuika manja awo pathebulo pafupi ndi a mwana wawo, manja anayi pamzere, n'kundiitana.

"Taonani bwinobwino. Amayi anu ali ndi osteoarthritis. Achemwali anuwa ndikuganiza kuti ndi rheumatoid arthritis. Si matenda amodzi, ndipo sangathandizidwe ndi mankhwala amodzi."

Achemwali anatulutsa pepala la magazi lija. Analiwerenga n'kulibweza. Anati pepalalo silinaname, koma silinena zonse, ndipo manja amene ali patsogolo pawo akunena zambiri kuposa pepalalo. Onse amene anawaona achemwali kale anali ndi zipangizo zofanana ndi zimene bambowa anagwiritsa ntchito tsiku limenelo: maso, zala, ndi mafunso ochepa okhudza m'mawa. Sindinasiye kuganiza zimenezi.

Zimene zikuchitika mkati

Kumapeto kwa fupa lililonse la pamfundo kuli chicherewecherewe chosalala chimene chimathandiza kuti mafupa asamakhulane. Kwa amayi, chimenechi chakhala chikuperepeseka pang'onopang'ono, ndipo fupa la m'mbali lamera timinyanga pofuna kudzilimbitsa. Zaka, kulemera kwa thupi, ntchito zolemetsa, kuvulala kwakale ndiponso kumtundu, zonsezi zimathandizira. Osteoarthritis imakonda mawondo, chiuno, msana, tsinde la chala chachikulu chakumanja, ndi mfundo za kunsonga za zala. Ikhoza kugwira bondo limodzi n'kusiya linalo. Kuuma kwa m'mawa sikupitirira theka la ola, ululu umakula ndi ntchito, ndipo thupi lonse silidwala. Amayi amadya bwino, amaseka, bondo lokha ndiye vuto.

Kwa achemwali si kutha kwa mfundo. Chitetezo cha m'thupi, chimene chimayenera kulimbana ndi tizilombo, chatembenukira kachikopa kopyapyala kokuta mfundo mkati. Kachikopako kamatupa, kamakhuthala, ndipo pakapita nthawi kamayamba kudya chicherewecherewe, fupa ndi mitsempha yogwira mfundoyo. Rheumatoid arthritis imagwira mbali zonse ziwiri mofanana, imayambira mfundo zing'onozing'ono za manja ndi mapazi, ndipo kuuma kwa m'mawa kumatha ola kapena kuposa. Popeza ndi matenda a thupi lonse, munthu amatopa, amawonda, magazi amachepa, ndipo ikalekereredwa imatha kufika m'mapapo, m'maso ndi kuonjezera ngozi ya matenda a mtima. Chenicheni choyambitsa sichidziwika bwino, koma kumtundu kumathandizira, fodya amaonjezera ngozi, ndipo azimayi ena imawayamba m'miyezi ya pambuyo pobereka. Madzi ozizira ndi mwera zikhoza kukulitsa ululu, koma si zimene zimayambitsa.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni padziko lonse anali ndi osteoarthritis, pamene a rheumatoid arthritis anali 18 miliyoni, ndipo pa odwala rheumatoid 10 alionse, 7 anali akazi. Ndikaona manambala amenewa ndimamvetsa chifukwa chake woona odwala akamva za mfundo amayamba waganiza za ukalamba ndi ntchito. Nthawi zambiri amakhala akulondola. Koma mayi wazaka za m'ma 30 wotupa manja onse awiri si wa gulu limenelo, ndipo kumuika m'menemo kumamudyera chinthu chimene sangachipezenso, chomwe ndi nthawi.

Rheumatoid ili ngati chiswe mu mtanda wa denga: kunja mtengo ukuoneka wabwinobwino, mkati mukudyeka, ndipo ukadzathyoka suwongokanso. Bufeni ndi Indosidi amachepetsa ululu, koma kudyekako sakuletsa. Madokotala amati miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira ndi imene mankhwala enieni amapulumutsa mfundo kwambiri. Achemwali miyezi imeneyo inawathera pa mapiritsi opha ululu, amene akamwedwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali amabweretsa zilonda za m'mimba, amakweza BP ndiponso amawononga impso. Pofika tsiku limenelo anali atayamba kale kudandaula kutentha pamtima.

Magazi ali ndi mawu ake, koma si omaliza

Tinalemberedwa kalata ya ku Blantyre. Kwa ife a ku Mangochi njira ndi yodziwika: chipatala chaching'ono, chipatala cha boma, kenako Zomba kapena Blantyre. Madokotala odziwa za nyamakazi zokhazokha m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, choncho odwala ambiri amaonedwa ndi madokotala a matenda a m'thupi, ndipo ndi amene anatithandiza ife. Ndalama ya ulendo inachokera ku banki m'khonde. Minibasi yolawira, kudutsa Liwonde, kudutsa Zomba, munthu atakhala malo amodzi osatakataka, pofika manja anali atauma gwa. Ine zinandimvetsa chisoni, koma zinathandiza kuti adokotala aone matendawo ali pachimake.

Kumeneko ndi kumene ndinamvetsa za pepala lija. Pa odwala rheumatoid 10 alionse, 2 kapena 3 rheumatoid factor sapezeka m'magazi mwawo, makamaka matenda akangoyamba kumene. Komanso amatha kupezeka mwa munthu amene alibe rheumatoid n'komwe: okalamba ena, odwala TB, odwala matenda a chiwindi a hepatitis, ngakhale amene adwala malungo pafupipafupi. Kwathu kuno nkhani imeneyi ndi yaikulu. Pepala lonena kuti mulibe silikumasula, ndipo lonena kuti muli silikumanga.

Kuli kuyeza kwina kotchedwa anti-CCP. Kumeneku kukasonyeza kuti muli, kawirikawiri imakhaladi rheumatoid, ngakhale nakonso kumatha kuphonya odwala ena. Ife tinakayezetsa ku labu yolipira, ndipo kunasonyeza kuti muli. Anayezanso ESR ndi CRP, zimene zimangonena kuti m'thupi muli kutupa koma sizinena kuti kwachokera kuti. TB imazikweza, matenda ena a tizilombo amazikweza. Za achemwali zinali zokwera, ndipo magazi anali ochepa. Ekisire ya manja inaonetsa kuti mfundo zina zayamba kale kudyeka m'mbali. Adokotala anatiuza kuti tikanabwera matenda atangoyamba, ekisire ikanatha kutuluka yoyera, ndipo imeneyonso ikanatha kutinamiza.

Ndiye matendawa amadziwika bwanji? Pophatikiza. Ndondomeko imene mabungwe a akatswiri a nyamakazi a ku America ndi ku Ulaya anagwirizana mu 2010 imayang'ana zinthu zinayi pamodzi: mfundo zingati zagwidwa ndipo ndi ziti, magazi a rheumatoid factor ndi anti-CCP, magazi osonyeza kutupa, ndiponso ngati vutolo latha masabata 6. Gawo lolemera kwambiri pa zinayizo ndi la mfundo zimene dokotala waziona ndi kuzigwira. Munthu wotupa mfundo zambiri zing'onozing'ono kwa nthawi yaitali akhoza kupezeka ndi rheumatoid ngakhale rheumatoid factor ndi anti-CCP zonse zitakana. Dokotala wodziwa akhoza kuyamba thandizo ngakhale banja lilibe ndalama ya ku labu yolipira, ndipo ndikufuna mabanja osauka amve zimenezi.

Amayi sanafunike zonsezi. Osteoarthritis nthawi zambiri imadziwika ndi msinkhu, mafunso ndi kugwira. Ekisire yawo inangotsimikiza kuti mpata wa pakati pa mafupa a bondo wachepa.

Tsiku limodzi pa sabata

Asanapatsidwe mankhwala, achemwali anayezedwa HIV, hepatitis, chiwindi ndi impso, ndipo anajambulidwa chifuwa kuti aone ngati mulibe TB. Anafunsidwanso ngati akuyamwitsa ndiponso ngati akulera. Kenako anapatsidwa methotrexate, mankhwala ochepetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi kuti chisiye kudya mfundo.

Adokotala anabwereza malangizo ake mpaka achemwali atawanena pamtima, ndipo ine ndiwabwerezanso pano chifukwa ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Methotrexate amamwa tsiku limodzi pa sabata. Osati tsiku lililonse. Anthu amene anasokoneza n'kumamwa tsiku ndi tsiku ena anamwalira. Achemwali anasankha Lolemba, ndipo tinalemba pakalendala ya pakhoma ndi pabotolo pomwe. Folic acid amamwa tsiku lina, kuti achepetse nseru ndi zilonda za m'kamwa. Mowa ayi. Pathupi ayi, chifukwa mankhwalawa amawononga mwana m'mimba, ndipo wofuna kubereka amayenera kukambirana ndi adokotala miyezi ingapo pasadakhale kuti asinthe mankhwala. Alamu anaitanidwa kuti amve okha.

Ndiye pali Bactrim. Kwathu kuno Bactrim ali m'nyumba iliyonse. Chifuwa, Bactrim. M'mimba, Bactrim. Amene ali pa ma ARV amalandiranso tsiku ndi tsiku. Koma Bactrim akakumana ndi methotrexate akhoza kugwetsa magazi koopsa, mpaka thupi kulephera kudziteteza. Patsamba loyamba la buku la achemwali panalembedwa zimenezi ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo kulikonse kumene angapite amayamba aonetsa tsamba limenelo asanalandire chilichonse.

Methotrexate sagwira msanga. Amatenga masabata 6 mpaka 12 kuti munthu ayambe kumva kusintha, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya mtima n'kubwerera ku mphini. Podikira, achemwali anapatsidwa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa msanga, wa nthawi yochepa. Ameneyu ndiye anagwira ngati mphezi, moti patangopita masiku anali akuphika okha. Anayamba kufunsa kuti bwanji osangopitiriza yemweyo. Anzawo kugombe ena amamugula okha n'kumamwa chaka chonse. Koma prednisolone wa nthawi yaitali amatupitsa nkhope, amabweretsa shuga ndi BP, amafewetsa mafupa, ndipo munthu amene wamumwa kwa nthawi samusiya mwadzidzidzi, amachepetsa pang'onopang'ono motsatira adokotala. Kwa amene methotrexate sakuwayanja kapena sakukwanira pali ena monga sulfasalazine ndi hydroxychloroquine.

Amayi anakhumudwa, sindikubisa. Anaona mwana wawo akubwera ndi mabotolo, iwo atauzidwa kuti palibe piritsi lobwezeretsa chicherewecherewe chimene chatha. "Ine andisiya chifukwa ndakalamba," ankatero. Zinatitengera nthawi kuwafotokozera kuti methotrexate sangachite kanthu pabondo lawo koma kuwabweretsera ngozi chabe. Thandizo lawo ndi lina: kulimbitsa minofu ya ntchafu powongola mwendo atakhala pampando m'mawa ndi madzulo, kuyenda pang'ono tsiku lililonse m'malo mongokhala, kuchepetsako thupi, mankhwala opaka, ndi Panado ululu ukakula. Ndodo anauzidwa kuti azigwirira kudzanja lamanzere, mbali ya mwendo wabwino, zimene poyamba anakana kuti n'zosemphana. Achimwene anawamangira chokhalira chokwera kuchimbudzi, ndipo pa zonse zimene tinachita, chimenechi ndi chimene amachiyamikira kwambiri.

Mukalowa m'chipindamo

Ngati muli ndi m'bale amene manja akumuvuta, musamulole kunena kuti m'thupi monse mukuwawa. Aloze mfundo zake ndi chala. Anene ngati ndi mbali zonse ziwiri. Anene nthawi imene kuuma kumatha, ngakhale poyerekeza ndi zochitika za pakhomo, kaya ndi madzi asanawire, kaya ana atapita kale kusukulu, kaya dzuwa litafika pamutu. Anene mwezi umene zinayamba. Anene mapiritsi onse amene wakhala akumwa, ogula okha ndi a zitsamba omwe, popanda manyazi. Ngati foni ilipo, jambulani manja m'mawa atatupa. Ndipo atambasule manjawo n'kupempha kuti awagwire. Si mwano. Kutupa kwa mfundo zing'onozing'ono kukatha masabata angapo osasintha, pemphani kalata yopita patsogolo, ngakhale pepala la magazi litanena kuti mulibe.

Si mfundo iliyonse yotupa imene ili mwa ziwirizi. Bambo amene wadzuka usiku chala chachikulu chakuphazi chitafiira, chosakhudzika ngakhale ndi bulangeti, kawirikawiri imakhala nyamakazi ya mtundu wina yotchedwa gout. HIV ndi TB nazo zimagwira mfundo. Mwana amene ululu ukusamuka kuchoka bondo kupita chigongono pambuyo pa zilonda za pakhosi afunika kuonedwa msanga chifukwa mtima wake uli pangozi. Ndipo mfundo imodzi yotentha, yotupa, yosapindika, munthu thupi litatentha, imeneyo ndi ya tsiku lomwelo, chifukwa mafinya a m'mfundo amaiwononga m'masiku ochepa.

Pamene tafika

Achemwali panopa kuuma kwa m'mawa kumatha asanamalize kusesa pakhomo. Chibakera chimafumbatika. Anabwerera kugombe, ngakhale ntchito yotembenuza usipa pamathandala ndi kunyamula ndowa anaisiyira mdzukulu wa azakhali amene amamulipira pa sabata. Zala ziwiri za dzanja lamanja zinapendekera kumbali ndipo adokotala anatiuza mosabisa kuti sizidzawongokanso. Dzanja lomwelo silipinda mokwanira polumikizira ndi mkono. Zimenezo ndi za chaka chija cha Bufeni ndi pepala lija.

Matendawa sathera pomwepo. Mankhwala ndi opitirira, ndipo magazi, chiwindi ndi impso ziyenera kumayezedwa, poyamba pafupipafupi, kenako miyezi iwiri kapena itatu iliyonse. Methotrexate m'zipatala zazing'ono za kuno sitimupeza, nthawi zina timagula ku famase, ndipo mwezi umene usipa wavuta ndalama yake imakanganirana ndi fizi ya ana. Ulendo wa ku Blantyre umadya tsiku lonse la geni kuphatikiza thiransipoti ya anthu awiri. Ulendo ukubwerawu tikukapempha kuti atilembere kalata yoti magazi aziyezedwa konkuno kuboma, zotsatira tizitumiza, kuti ku Blantyre tizipita pokhapokha pakafunika kusintha mankhwala. Mayi wina wa thandala loyandikana nalo, amenenso manja ake akutupa mbali zonse ziwiri kuyambira nyengo ya dzinja, wapeza kalata yake ndipo tikwera naye minibasi imodzi.